Seva ya MySQL ikamakana makompyuta a mu ofesi: poyambira ndi potsatira

Database ili pa kompyuta imodzi mu ofesi, imene timaitcha seva, ndipo pulogalamu yoisunga ndi MySQL. Pa kompyuta yomweyo pulogalamu ya masitoko ikuyenda bwinobwino, koma ya ku kaunta ndi ya ku akaunti zikukana. Apa ambiri amathamangira kusintha pasiwedi, ena amazimitsa firewall yonse (mlonda wa kompyuta pa netiweki), ena amachotsa pulogalamu n'kuyiikanso. Kumeneko n'kugenda mbalame uli chitsinzinire.

Pempho lochokera pa kompyuta ya wantchito limadutsa zipata zinayi lisanafike pa tebulo la database: netiweki, port (khomo la nambala limene pulogalamu imamvetserapo), akaunti, kenako zilolezo. Chipata chilichonse chili ndi kakanidwe kakekake, ndipo nambala imene ili mu uthenga wa cholakwika imakuuzani pamene mwabwezedwera. Choncho musanakhudze kanthu, lembani uthengawo wonse monga uliri, kapena ujambuleni ndi foni.

M'malangizowa seva yathu ndi ya Ubuntu yokhala ndi MySQL 8.0, adiresi yake ndi 192.168.1.10, makompyuta a antchito ndi a Windows, database ndi `masitoko`. Pamene MariaDB (mphukira ya MySQL) kapena XAMPP (phukusi la mapulogalamu a seva lokhala ndi database yotere) zikusiyana, tinena.

Werengani nambala kaye

ERROR 2003 ikutanthauza kuti simunafike n'komwe kwa MySQL. Vuto lili pa netiweki kapena pa port, ndipo pasiwedi ilibe mlandu. Kumapeto kwa uthengawo kumakhala nambala ina, ndipo imeneyo ndiyo yofunika kwambiri. Pa Windows, 10061 ndiye kuti seva yayankha koma palibe amene akumvetsera pa port imeneyo, pomwe 10060 ndiye kuti mwadikira yankho mpaka nthawi yatha. Pa Linux nambala zake ndi 111 ndi 110, ndipo 113 imanena kuti njira yopitira ku seva sikupezeka.

ERROR 1130, 1045, 1044 ndi 1142 ndi nkhani yabwino ngakhale sizioneka choncho. Amene akukukanizani ndi MySQL mwiniwake, kutanthauza kuti mawaya, rauta ndi firewall zili bwino. Mukaona imodzi mwa izi, dumphani masitepe atatu oyamba.

Sitepe 1: Makompyuta awiriwa akuonana?

Pa seva lembani `ip a`, pa kompyuta ya wantchito `ipconfig`. Pa netiweki wamba ya mu ofesi, imene subnet mask yake ndi 255.255.255.0, zigawo zitatu zoyamba za adiresi ziyenera kufanana. Seva ikakhala pa 192.168.1.10 kompyuta ili pa 192.168.8.104, ndiye kuti zili pa manetiweki awiri osiyana. Izi zimachitika kwambiri laputopu ikalumikizidwa ku MiFi kapena ku hotspot ya foni ya mwini wake m'malo mwa rauta ya ofesi. Adiresi yoyamba ndi 169.254 imasonyeza kuti kompyutayo sinalandire adiresi kuchokera ku rauta, ndiye onani waya, switch ndi rautayo.

Kenako funsani: kodi seva ikadali pa adiresi imene pulogalamu ikuifuna? Kumene magetsi amazimazima, ili ndilo gwero lalikulu la mawu akuti "dzulo zimagwira". Magetsi akabwera, rauta imayambanso kugawa maadiresi, ndipo seva imene inali pa .10 ikhoza kudzuka ili pa .23, pomwe .10 yatengedwa ndi printa. Mankhwala ake ndi kuipatsa seva adiresi yokhazikika. Mukhoza kuisungira adiresi mu rauta pogwiritsa ntchito MAC address ya seva (nambala ya khadi lake la netiweki), kapena kuilemba pa seva pomwepo. Mukailemba pa seva, sankhani nambala yomwe ili kunja kwa zimene rauta imagawa. Ngati rauta imagawa kuyambira .100 mpaka .199, ndiye .10 ili pabwino.

Yesani `ping 192.168.1.10`. Ikayankha, chabwino. Ikapanda kuyankha musafulumire kugamula, chifukwa seva ikakhala ya Windows, firewall yake kawirikawiri imakana ping ngakhale zina zonse zili bwino.

Palinso msampha wa Wi-Fi ya alendo. Marauta ambiri amaletsa zipangizo za pa netiweki ya alendo kuonana ndi zinzake, ndipo ena ali ndi AP isolation imene imachita zomwezo pa Wi-Fi yonse. Intaneti imagwira, seva osaoneka. Lumikizani kompyutayo ndi waya kwa mphindi zochepa. Ikagwira pa waya, wolakwa mwamupeza.

Sitepe 2: MySQL ikumvetsera, ndipo ikumvetsera kuti?

Pa seva:

`sudo systemctl status mysql`

`sudo ss -tlnp | grep 3306`

Lamulo loyamba likanena kuti MySQL siyikuyenda, werengani mizere yomaliza ya `/var/log/mysql/error.log` ndipo onani malo otsala pa disiki ndi `df -h`. Disiki yodzaza imagwetsa MySQL kapena kuiumitsa, ndipo ku makompyuta a antchito zimaoneka ngati vuto la netiweki.

Lachiwiri liwerengeni mosamala: 3306 ndiyo port ya MySQL. Mukaona `127.0.0.1:3306`, MySQL ikumvetsera za m'nyumba mokha, za kunja ayi. Umu ndi mmene Ubuntu ndi Debian zimaiikira, mwadala, kuti database isakhale pambalambanda munthu asanaikonze. Mzere wa 33060 usakusokonezeni: imeneyo ndi port ya X Protocol, mapulogalamu ambiri a mu ofesi saigwiritsa ntchito.

Tsegulani `/etc/mysql/mysql.conf.d/mysqld.cnf`. Pa MariaDB fayilo yake ndi `/etc/mysql/mariadb.conf.d/50-server.cnf`, pa XAMPP ndi `C:\xampp\mysql\bin\my.ini`. Pezani mzere wa `bind-address` ndi kuusintha:

`bind-address = 0.0.0.0`

Mukhozanso kulembapo 192.168.1.10 kuti izimvetsera pa khadi la netiweki limodzi lokha. Koma dziwani ziwiri: pulogalamu ya pa seva yomwe imalumikiza kudzera pa 127.0.0.1 idzasiya kugwira, ndipo adiresiyo ikasintha MySQL idzakana kudzuka. Kwa ofesi yaing'ono, 0.0.0.0 pamodzi ndi firewall yokhwima n'zosavutitsa. Ngati muli mzere wa `skip-networking`, uchotseni kapena ikani # kutsogolo kwake, chifukwa umatseka TCP yonse.

Yambitsaninso ndi `sudo systemctl restart mysql`, ndipo bwerezani lamulo la `ss`. Ngati ikuonetsabe 127.0.0.1, pali fayilo ina imene ili ndi `bind-address` yake ndipo ikuwerengedwa pambuyo pa yanuyo. Ipezeni ndi `sudo grep -r bind-address /etc/mysql/`.

Sitepe 3: Firewall

Bwererani pa kompyuta ya wantchito, tsegulani PowerShell:

`Test-NetConnection 192.168.1.10 -Port 3306`

Yang'anani mzere wa TcpTestSucceeded. Ukanena True, chipata chachiwiri chatseguka. Ukanena False pamene sitepe 2 ili bwino, pali chotchinga pakati. Pa seva onani `sudo ufw status`, ndipo ngati ufw, firewall ya Ubuntu, ikugwira ntchito tsegulani port kwa makompyuta a mu ofesi okha:

`sudo ufw allow from 192.168.1.0/24 to any port 3306 proto tcp`

Seva ikakhala ya Windows, pangani lamulo latsopano la Inbound mu Windows Defender Firewall, la TCP 3306. Apa pali dzenje limene amagweramo ngakhale odziwa. Windows imagawa manetiweki kukhala Private ndi Public, ndipo lamulo lolembedwera Private siligwira ngati Windows ikuona netiweki ya ofesi ngati Public. Rauta ikasinthidwa, Windows imaitenga ngati netiweki yachilendo ndipo imatha kuiika pa Public, malamulo onse akale n'kugona. Onani ndi `Get-NetConnectionProfile`. Ma antivirus ena alinso ndi firewall yawoyawo yosiyana ndi ya Windows.

Kuzimitsa firewall kwa mphindi imodzi kuti mutsimikize n'kololeka. Kuisiya yozimitsa chifukwa "zagwira" si kukonza.

Sitepe 4: Akaunti, ndi chifukwa chake pasiwedi yolondola imakanidwa

Apa ndi pamene pamathera nthawi yambiri, chifukwa MySQL simadziwa munthu ndi dzina lokha. Akaunti ndi dzina pamodzi ndi kumene munthuyo akuchokera. `'kaunta'@'localhost'` ndi `'kaunta'@'192.168.1.25'` ndi anthu awiri osiyana, aliyense ndi pasiwedi yake ndi zilolezo zake, monga a Phiri a ku Dedza ndi a Phiri a ku Chipata. Ndiye n'zosadabwitsa kuti dzina ndi pasiwedi zomwe zikugwira mutakhala pa seva zikanidwe mutakhala ku kaunta.

Lowani pa seva ndi `sudo mysql` ndi kuona maakaunti onse:

`SELECT user, host, plugin FROM mysql.user;`

ERROR 1130, ya mawu akuti Host is not allowed to connect, imanena kuti palibe akaunti ngakhale imodzi yolola adiresi ya kompyutayo. ERROR 1045, ya Access denied for user, imanena kuti adiresiyo ndi yololedwa kwa wina, koma dzina ndi pasiwedi zimene mwapereka sizikugwirizana ndi akaunti iliyonse. Uthenga wa 1045 umatchula dzina ndi adiresi monga seva ikuzionera. Zikopereni momwemo, musaganizire. Kumapeto kwake ukanena using password: NO, pulogalamu sinatumize pasiwedi n'komwe, ndiye vuto lili m'makonzedwe a pulogalamuyo.

Pangani akaunti ya makompyuta a mu ofesi:

`CREATE USER 'kaunta'@'192.168.1.0/255.255.255.0' IDENTIFIED BY 'ikani-pasiwedi-yolimba';`

`GRANT SELECT, INSERT, UPDATE, DELETE ON masitoko.* TO 'kaunta'@'192.168.1.0/255.255.255.0';`

Ambiri amalemba `'192.168.1.%'` ndipo zimagwira chimodzimodzi. Malangizo akale amaphatikiza zonse mu lamulo limodzi la GRANT lokhala ndi IDENTIFIED BY. Pa MySQL 5.7 ndi MariaDB zimenezo zimayenda, koma MySQL 8.0 inazichotsa: muyenera kupanga akaunti kaye, zilolezo pambuyo. FLUSH PRIVILEGES siyofunika mukagwiritsa ntchito CREATE USER ndi GRANT. Imafunika pokhapokha mwasintha matebulo a `mysql` ndi manja, zomwe sitikulangizani.

Njira yachidule imene mudzauzidwe ndi anzanu ndi kupanga `'root'@'%'`, kutanthauza akaunti yamphamvu zonse yololedwa kulowa kuchokera kulikonse. Musatero. Pamenepo mwapereka makiyi a nyumba yonse kwa aliyense wofika pa port 3306, kuphatikizapo laputopu ya mlendo yodzaza mavairasi. Pa Ubuntu, root imalowa kudzera mu auth_socket, kutanthauza kuti imadalira kuti ndinu root wa Linux pa seva pomwepo, pasiwedi ilibe ntchito. Isiyeni choncho.

Chinthu china chosokoneza: maakaunti angapo akamagwirizana ndi munthu mmodzi, MySQL imasankha imene host yake yatchulidwa mwachindunji kwambiri. Adiresi yeniyeni imapambana `%`. Ngati wina adapangapo `'kaunta'@'192.168.1.25'` chaka chatha ndi pasiwedi ina, kompyuta ya .25 idzakanidwa pamene zinzake zonse zikulowa. Maseva akale ena alinso ndi akaunti yopanda dzina, `''@'localhost'`, imene imalanda malo a `'kaunta'@'%'` mukalowa muli pa seva. Mukatha kulowa koma zinthu sizikuoneka bwino, funsani:

`SELECT USER(), CURRENT_USER();`

Yankho loyamba ndi amene mwadzitcha, lachiwiri ndi amene seva yakutengani kuti ndinu. Zilolezo zimatsata lachiwirilo.

Poyesa muli pa seva kumbukirani kuti pa Linux `-h localhost` sadutsa pa netiweki, amadutsa pa socket, njira ya m'kati mwa seva momwemo. Kuti muyese njira yeniyeni lembani `mysql -h 192.168.1.10 -u kaunta -p`.

Tsopano nkhani ya mapulogalamu akale. Kuyambira MySQL 8.0, yomwe inatuluka mu 2018, maakaunti atsopano amagwiritsa ntchito njira yotsimikizira pasiwedi yotchedwa caching_sha2_password. Pulogalamu kapena driver yakale (kapulogalamu kolumikizira ku database) siidziwa njira imeneyi, ndipo imapereka ERROR 2059 kapena 1251. Chokonza chenicheni ndi kuika driver yatsopano pa makompyuta a antchito. Ngati n'zosatheka lero, sinthani akaunti imodzi yokhayo:

`ALTER USER 'kaunta'@'192.168.1.0/255.255.255.0' IDENTIFIED WITH mysql_native_password BY 'ikani-pasiwedi-yolimba';`

Chimenechi n'chigamba chabe. Mu MySQL 8.4 njira yakaleyi imabwera yozimitsa, ndipo mu 9.0 idachotsedweratu.

Ngati kulowa kukutheka koma kumatenga masekondi angapo nthawi iliyonse, kawirikawiri seva ikuyesa kupeza dzina la kompyuta yanu kudzera mu DNS, yankho osabwera. Onjezani `skip-name-resolve` pansi pa `[mysqld]`. Mukatero maakaunti olembedwa ndi mayina a makompyuta amasiya kugwira, otsala ndi a maadiresi ndi localhost, ndiye onani mndandanda wa maakaunti uja musanayambitsenso.

Sitepe 5: Mwalowa, koma mukuletsedwa

ERROR 1044 ndi yokanizidwa database yonse. ERROR 1142 ndi yokanizidwa ntchito inayake pa tebulo, ndipo uthengawo umatchula ntchitoyo, mwachitsanzo UPDATE command denied. Onani zimene akauntiyo ili nazo:

`SHOW GRANTS FOR 'kaunta'@'192.168.1.0/255.255.255.0';`

Mukaona mzere umodzi wokha wa GRANT USAGE, akauntiyo imangololedwa kulowa, basi, sinapatsidwe kalikonse. Onjezani chosowacho chokha. Pulogalamu yoyitana ma stored procedure (malamulo osungidwa mu database momwemo) imafuna EXECUTE. Yopanga malipoti nthawi zina imafuna CREATE TEMPORARY TABLES. Zilolezo za CREATE, ALTER ndi DROP zikhale pa akaunti ina yogwiritsa ntchito poika kapena pokweza pulogalamu, osati ya tsiku ndi tsiku. Wa malipoti amene amangokokera manambala mu Excel, SELECT yokha imamukwanira. Mukasintha zilolezo, wantchito atseke pulogalamu ndi kuitsegulanso, chifukwa zina siziyamba kugwira pa kulumikizana kumene kuli kale.

Database ikakhala yosamutsidwa kuchokera pa kompyuta ina, yembekezani mavuto awiri ooneka ngati a zilolezo. Loyamba ndi ERROR 1449, yonena kuti definer, akaunti imene idalenga chinthucho, kulibe. View, trigger ndi procedure iliyonse imasunga dzina la akaunti imene idailenga, ndipo kawirikawiri imayenda ndi mphamvu za akauntiyo. Ngati pa seva yatsopano akauntiyo kulibe, zimakana ngakhale inu muli ndi zilolezo zonse. Pangani akauntiyo ndi zilolezo zoyenera, kapena lenganinso ma view ndi definer amene alipo.

Lachiwiri ndi ERROR 1146, tebulo kulibe, pamene mukuliona ndi maso. Pa Windows MySQL sisiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono m'mayina a matebulo, pa Linux imasiyanitsa. `Makasitomala` ndi `makasitomala` amakhala matebulo awiri. Chimene chimalamulira izi ndi `lower_case_table_names`, ndipo pa MySQL 8.0 chimaikidwa pokhapokha seva ikukhazikitsidwa koyamba. Mukachisintha pambuyo, seva imakana kudzuka. Ganizirani zimenezi musanasamutse.

ODBC, Excel ndi Access

Ngati lamulo la `mysql` kapena MySQL Workbench zikulowa kuchokera pa kompyuta ya wantchito koma Excel, Access kapena pulogalamu ya ofesi ikukana, seva isiyeni. ODBC ndi njira imene mapulogalamu oterewa amalumikizira ku database. Windows ya 64-bit ili ndi ma ODBC Administrator awiri, ndipo mayina a mafoda ake ndi opusitsa: wa mu `C:\Windows\System32\odbcad32.exe` ndi wa 64-bit, wa mu `C:\Windows\SysWOW64\odbcad32.exe` ndi wa 32-bit. Office ya 32-bit imafuna driver ya 32-bit ndi DSN (dzina losunga makonzedwe olumikizira ku database) yopangidwa mwa wachiwiriyo. Pangani System DSN osati User DSN, chifukwa User DSN imaoneka kwa amene anaipanga yekha. Katswiri amaikonza atalowa ngati Administrator, n'kuyesa, n'kugwira, iye atangotuluka pakhomo wantchito n'kulowa ndi akaunti yake n'kupeza palibe.

Zimagwira n'kusiya

ERROR 1040, Too many connections: malire oyambira ndi 151. Ofesi ya anthu 10 ikafika pamenepo, pulogalamu ikutsegula osatseka. `SHOW PROCESSLIST;` ikuonetsani kompyuta yomwe yaunjika mizere ya Sleep. Kukweza `max_connections` kumangochedwetsa tsikulo.

ERROR 2006, server has gone away, yobwera m'mawa pa kompyuta imene inagona pulogalamu ili yotsegula: seva imadula kulumikizana kongokhala pakatha masekondi 28800, omwe ndi maola 8. Kutseka ndi kutsegulanso kumakwanira. Ikabwera potumiza fayilo yaikulu, onani `max_allowed_packet`.

ERROR 1129, Host is blocked: kompyuta imodzi yaduka pakati polumikiza maulendo 100 motsatizana ndipo seva yaitsekera. Imasuleni ndi `sudo mysqladmin flush-hosts`, kenako fufuzani waya wothyoka kapena Wi-Fi yofooka pa desiki imeneyo. Dziwani kuti kuyesa port mobwerezabwereza ndi Test-NetConnection kapena telnet kumawerengedwanso, popeza kumagogoda n'kuchoka osamaliza moni.

Kulumikiza muli kunja kwa ofesi

Bwana akafuna kuona malipoti ali kunyumba, musatsegule port 3306 pa rauta. Pa intaneti pali makina ongoyendayenda usana ndi usiku kufunafuna port imeneyi ndi kuyesa mapasiwedi. Komanso ngati ofesi imagwiritsa ntchito rauta ya SIM khadi, mwina sizingatheke n'komwe: onani adiresi ya WAN mu rauta, ndipo ikakhala yoyamba ndi 10, kapena ili pakati pa 100.64 ndi 100.127, muli kuseri kwa NAT ya kampani ya foni, kutanthauza kuti mukugawana adiresi ya pa intaneti ndi makasitomala ena, ndipo port forwarding sifika kwa inu.

Njira yabwino ndi VPN, njira yotetezeka yolumikizira kompyuta yakutali ku ofesi kudzera pa intaneti. Tailscale, yomwe imayenda pa WireGuard, imadutsa NAT yotereyi popanda kukhudza rauta. Kumbukirani kuti wolowera pa VPN amafika ndi adiresi ina, osati ya 192.168.1, ndiye afunika lamulo lake mu ufw ndi akaunti yake mu MySQL, apo ayi mubwereranso ku 2003 kapena 1130. Ngati seva imafikika kale pa SSH (njira yotetezeka yolowera pa seva muli kutali), ngalande iyi imakwanira:

`ssh -L 3307:127.0.0.1:3306 dzina@adiresi-ya-seva`

Pulogalamu muilozetse ku 127.0.0.1 pa port 3307. MySQL idzaona ngati munthuyo ali pa seva pomwepo, choncho akaunti yofunika ndi ya `'127.0.0.1'` kapena `'localhost'`, ndipo `bind-address` iyenera kulola 127.0.0.1.

Ngati si MySQL

Zipata ndi zomwezo, mayina okha ndiwo amasintha. PostgreSQL imamvetsera pa 5432. Mu `postgresql.conf` sinthani `listen_addresses` ndi kuyambitsanso seva, ndipo mu `pg_hba.conf` onjezani mzere wonga `host masitoko kaunta 192.168.1.0/24 scram-sha-256`. Fayilo imeneyi imawerengedwa kuchokera pamwamba, ndipo mzere woyamba kugwirizana ndiwo umagamula. Kuyambira PostgreSQL 15, akaunti wamba sithanso kupanga matebulo mu schema ya public popanda kupatsidwa chilolezo.

SQL Server Express imabwera TCP/IP ili yozimitsa. Iyatseni mu SQL Server Configuration Manager ndi kuyambitsanso service. Instance ya dzina, monga SQLEXPRESS, simvetsera pa 1433, port ya nthawi zonse ya SQL Server, koma imadzisankhira port, ndipo makompyuta amaipeza pofunsa SQL Server Browser pa UDP 1434. Chosavuta ndi kupita pa IPAll, kufufuta za mu TCP Dynamic Ports, kulemba 1433 mu TCP Port, ndi kutsegula port imeneyo mu firewall. Makompyuta akakhala kuti sali mu domain, yatsani SQL Server and Windows Authentication mode kuti antchito azilowa ndi dzina ndi pasiwedi za SQL Server, ndipo login iliyonse muilumikize ndi user wa mu database imene ikufunikayo.